Ndalama zimene khonsolo ya Birmingham ikulipiritsa galimoto zautsi si msonkho wamba

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikutigawa maganizo ife Amalawi okhala mumzinda wa Birmingham, ku England, ndipo ndikukhulupirira kuti mbali ina ya nkhaniyi ikukhudzanso abale athu kumudzi. Tikakumana, kaya ndi kutchalitchi, pamaliro kapena pachinkhoswe, sipalephera kupezeka wina wodandaula za ndalama zimene khonsolo ya mzinda uno imalipiritsa galimoto zakale zikalowa pakati pa tauni. Mawu amene ndimamva kawirikawiri ndi akuti uwu ndi msonkho chabe, njira yodyera ndalama za anthu ovutika. Inenso ndinalipirako ndalamazo kangapo ndisanasinthe galimoto, choncho ndikudziwa mmene zimawawira m'thumba, koma maganizo amenewo sindikugwirizana nawo, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake.

Ndiyambe ndi mmene dongosololi limayendera, chifukwa ambiri amene amaliweruza salidziwa bwino. Pa 1 Juni 2021 khonsolo ya Birmingham inakhazikitsa dera limene inalitcha Clean Air Zone, lomwe ndi chigawo chonse chapakati pa mzinda chozunguliridwa ndi msewu wa A4540 Middleway. M'misewu yolowera m'derali muli makamera amene amawerenga nambala ya galimoto iliyonse, usana ndi usiku, chaka chonse. Galimoto imene injini yake ikukwaniritsa mlingo wa utsi umene malamulo amafuna imadutsa osalipira kanthu. Pa galimoto za petulo mlingowo ndi Euro 4, kutanthauza galimoto zambiri zopangidwa kuyambira cha m'ma 2006, pomwe pa za dizilo ndi Euro 6, kutanthauza zambiri zopangidwa kuyambira kumapeto kwa 2015. Imene siikwanira, ngati ndi yaing'ono, takisi kapena vani, mwini wake amalipira mapaundi 8 pa tsiku, ndipo mabasi ndi malole amalipira mapaundi 50. Munthu akhoza kulipira pasadakhale masiku 6 asanalowe, tsiku lomwelo, kapena mkati mwa masiku 6 atatuluka, koma akaiwala amalandira kalata ya chindapusa cha mapaundi 120, chimene chimatsika kufika pa 60 akachilipira pasanathe masiku 14. Choyamba choyenera kuchiona apa n'chakuti galimoto zambiri zimene zimalowa m'tauni tsiku lililonse sizilipira ngakhale tambala. Msonkho umafuna kuti olipira achuluke, pomwe dongosolo ili linakonzedwa kuti olipira azichepa chaka ndi chaka.

Khonsolo sinadzuke m'mawa n'kungoganiza zimenezi. Malamulo a dziko lino amaletsa kuti mpweya wotchedwa nitrogen dioxide, umene umatuluka kwambiri m'injini za dizilo, upitirire ma microgram 40 (microgram ndi muyeso wochepetsetsa wa kulemera) mu cubic metre iliyonse ya mpweya, ndiye kuti mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, tikatengera chaka chonse, ndipo mlingo umenewu unayenera kukwaniritsidwa pofika 2010. Mizinda yambiri inalephera. Bungwe la maloya oteteza zachilengedwe la ClientEarth linatengera boma kukhoti, ndipo mu Epulo 2015 khoti lalikulu kwambiri m'dziko muno linalamula kuti boma likonze ndondomeko yatsopano. Kumapeto kwa chaka chomwecho boma linatchula mizinda isanu imene inayenera kuchitapo kanthu msanga: Birmingham, Leeds, Nottingham, Derby ndi Southampton. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa A38 m'mawa, kuchokera pa mphambano yaikulu ya misewu yotchedwa Spaghetti Junction kutsikira m'tauni, sangadabwe kuti Birmingham inali pamndandandawo. Mzinda uno unamangidwanso nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha moganizira galimoto kuposa munthu woyenda pansi, moti misewu ikuluikulu inalowetsedwa mpaka pakatikati, pafupi ndi nyumba za anthu, masukulu ngakhalenso chipatala cha ana.

Vuto lalikulu la nkhani imeneyi n'lakuti utsi umene tikuukambawu suoneka. Agogo a kuno amakumbukira za Disembala 1952, pomwe utsi wa malasha unaphimba London kwa masiku angapo n'kupha anthu osachepera 4,000. Utsi umenewo aliyense anauona ndi maso ake, ndipo lamulo loletsa utsi la 1956 silinafunike kufotokozeredwa kwambiri. Lero kumwamba kumaoneka koyera, zovala zoyanika panja sizida, koma mpweya woipa ulipo ndithu, pamodzi ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa PM2.5, tochepa kwambiri kuposa makulidwe a tsitsi, tomwe timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo ndi m'magazi. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mpweya wotere umayambitsa kapena kukulitsa mphumu, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo, koma umachita zimenezi mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo munthu akamwalira palibe amene amaloza chala pa msewu umene unadutsa pakhomo pake. Khonsolo yakhala ikunena kuti mpweya woipa umafupikitsa moyo wa anthu okwana 900 pa chaka mumzinda uno. Chiwerengero chimenechi chikanakhala cha ngozi zapamsewu, palibe amene akanatsutsa kuti pachitike kanthu.

Apa ndi pamene ndimaona kuti ntchito yodziwitsa anthu ndi yofunika mofanana ndi makamera aja, mwinanso kuposa. Ndikumbutse owerenga za mtsikana Ella Adoo-Kissi-Debrah, amene ankakhala ku Lewisham, kummwera chakummawa kwa London, mamita ochepa kuchokera pa msewu wa South Circular umene pamadutsa galimoto zambiri. Ella anamwalira ndi mphumu mu Febuluwale 2013 ali ndi zaka 9, atagonekedwa m'chipatala kambirimbiri m'zaka zitatu zomaliza za moyo wake. Mayi ake, Rosamund Adoo-Kissi-Debrah, analimbana kwa zaka zambiri kuti imfayo ifufuzidwenso, ndipo mu Disembala 2020 wofufuza za imfa Philip Barlow anagamula kuti mpweya woipa unathandizira kwambiri imfa ya mwanayo. Kanali koyamba m'dziko muno kuti mpweya woipa ulembedwe ngati chimodzi mwa zifukwa za imfa ya munthu. Chimene chimandikhudza mtima kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti mayiwo sanauzidwe, nthawi yonse imene mwana wawo ankadwala, kuti mpweya wa pamsewupo ungakhale ukuwonjezera matendawo, ndipo iwo ananena poyera kuti akanadziwa akanasamuka. Mu lipoti limene analemba mu 2021, Barlow anadandaula kuti anthu ambiri sadziwa kumene angapeze uthenga wa mmene mpweya ulili m'dera lawo, komanso kuti madokotala ndi anamwino sawafotokozera odwala mokwanira za vutoli. Kholo lililonse likhoza kudziika m'malo mwa mayiwa. Kusadziwa kumeneko n'kumene khonsolo iliyonse iyenera kulimbana nako poyamba.

Khonsolo ya Birmingham inayesetsa pa mbali imeneyi kudzera mu kampeni yotchedwa Brum Breathes, pomwe Brum ndi dzina limene eni mzinda amautchula mwachikondi. Dongosololi lisanayambe panali zikwangwani m'misewu ndi mauthenga m'malo osiyanasiyana, ndipo aliyense ankatha kulemba nambala ya galimoto yake pa intaneti n'kudziwa nthawi yomweyo ngati adzalipira kapena ayi. Masabata awiri oyambirira a Juni 2021 anthu sanalipiritsidwe, pofuna kuti azolowere. Okhala mkati mwa deralo anapatsidwa mwayi wopempha kuti asalipire kwa zaka ziwiri, ogwira ntchito m'deralo olandira ndalama zosakwana mapaundi 30,000 pa chaka anapatsidwa chaka chimodzi, ndipo panali thandizo la ndalama kwa ena ofuna kutaya galimoto yakale, komanso kwa oyendetsa matakisi. Kupatula apo, kuyambira 2019 khonsolo yakhala ikutseka misewu ina yodutsa pazipata za masukulu pa nthawi yolowa ndi yoweruka, yaika zipangizo zoyezera mpweya m'masukulu ena, ndipo imalimbikitsa makolo kuzimitsa injini akamadikira ana. Kwa ine, chipangizo choyezera mpweya pasukulu n'chanzeru kuposa chikwangwani chilichonse, chifukwa mwana amene waona manambala akukwera nthawi imene galimoto zaunjikana pachipata amakanena kunyumba, ndipo kholo limamva mawu a mwana wake kuposa kalata ya boma.

Kodi zathandiza? Yankho loona n'lakuti zathandiza, koma osati mokwanira. Malipoti a khonsolo anasonyeza kuti m'zaka ziwiri zoyambirira gawo la galimoto zosakwanira mlingo zolowa m'deralo linatsika kuposa theka, ndiponso kuti nitrogen dioxide anachepa poyerekeza ndi 2019. Akatswiri a University of Birmingham, atachotsapo zotsatira za nyengo ndi za mliri wa Covid-19 umene unachepetsa galimoto pamsewu, anapeza kuti m'miyezi yoyambirira dongosololi palokha linachepetsa mpweyawu ndi pafupifupi 7 pa 100 m'malo ena, ndipo sanaone kusintha pa tinthu ta PM2.5. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa tinthu timeneti sitichokera m'injini mokha. Timachokeranso m'matayala ndi mabuleki akamaperepeseka, m'mafakitale, m'minda, ndiponso m'mbaula za nkhuni zimene mabanja ambiri opeza bwino aika m'nyumba zawo kuti aziotha. Tiyeneranso kukumbukira kuti mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsitsa mlingo umene limalangiza wa nitrogen dioxide kufika pa ma microgram 10, pomwe lamulo la kuno likadali pa 40. Choncho ngakhale tsiku limene mzinda udzakwaniritse lamulo pamsewu uliwonse, mapapo a ana adzakhala asanapumule kwenikweni.

Sindikufuna kubisa pamene dandaulo la anzanga lili ndi mfundo. Ambiri mwa ife timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo, ena m'nyumba zosungiramo katundu, ena m'zipatala usiku. Munthu amene ayenera kufika pamakomo asanu ndi limodzi lisanathe tsiku sangadalire basi, ndipo galimoto imene angakwanitse kugula atangofika kumene m'dziko muno nthawi zambiri imakhala yakale, ya dizilo, imene mwini wake woyamba akuigulitsa motchipa chifukwa cha malamulo omwewa. Mapaundi 8 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi ndalama zokwanira kulipirira mwana wa mlongo wako sukulu kumudzi. Komanso wogwira ntchito usiku amene walowa m'deralo isanakwane 12 koloko n'kutuluka itapitirira akhoza kulipira kawiri, chifukwa tsiku limawerengedwa kuchokera pakati pa usiku kufika pakati pa usiku. Wolemera amangogula galimoto yatsopano n'kuiwala, wosauka ndiye amanyamula katunduyo. Ndikuvomereza zonsezi. Koma tifunsenso kuti ndani amakhala m'nyumba zoyang'anizana ndi misewu ikuluikulu m'madera a mzinda uno monga Nechells, Aston, Newtown ndi Ladywood. Si olemera ayi. Ndi mabanja ngati athu, ambiri mwa iwo opanda n'komwe galimoto, amene ana awo amapuma utsi wa anthu ongodutsa. Tikanena kuti dongosololi lichotsedwe poteteza osauka, tikuteteza thumba la wosauka mmodzi posiya chifuwa cha mwana wa wosauka mnzake. Chofunika ndi kulikonza kuti thandizo lifike kwa ogwira ntchito otere, mabasi achuluke ndi kutsika mtengo, ndipo ndalama zotsala pa zimene khonsolo yatolera zizioneka kumene zapita. Lamulo limanena kuti ndalamazo zigwiritsidwe ntchito pa zamtengatenga, ndipo popeza khonsolo inalengeza mu Seputembala 2023 kuti ili pamavuto aakulu azachuma, anthu ali ndi ufulu wofunsa ndi kuonetsedwa mwatsatanetsatane, chifukwa kukayika kukangolowa uthenga wa zaumoyo sumvekanso.

Pali mpata wina umene ndikuona pa ntchito yodziwitsa anthu. Uthenga wambiri umafalitsidwa pa nthawi imene dongosolo likuyamba, kenaka n'kuzizira, pomwe mzinda ngati uno umalandira alendo mwezi uliwonse. Amene anafika mu 2022 kapena 2023 sanaone kampeni yoyamba ija, ndipo ambiri amadziwa za Clean Air Zone tsiku limene kalata ya chindapusa yagwa pakhomo. Munthu amene wakumana ndi lamulo kudzera mu chindapusa sangaliganizire ngati chinthu chomuteteza. Apa ifenso tili ndi udindo. M'magulu athu a pa WhatsApp timauzana kumene kukupezeka ufa, usipa ndi ntchito, ndiye n'chifukwa chiyani sitiuzana kuti munthu asanagule galimoto ayambe wayang'ana nambala yake pa intaneti? Atsogoleri a mipingo ndi a magulu a Amalawi akhoza kupatula mphindi zisanu kufotokoza za lamuloli, komanso chifukwa chake, kuti kholo limene lili ndi mwana wamphumu lidziwe kusankha njira yapansi yodutsa m'misewu ing'onoing'ono popita kusukulu, m'malo motsata msewu waukulu.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba kalatayi m'Chichewa, kuti iwerengedwe ndi kumudzi komwe. Galimoto imene yakanidwa pakati pa Birmingham siitha pomwepo. Popeza ku Malawi timayenda kumanzere monga kuno ndi ku Japan, galimoto za kuno zimatikwana bwino, ndipo ndamvapo anzanga angapo akunena kuti yakaleyo angoikweza sitima ikagwire ntchito kumudzi. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe la 2020 linasonyeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 galimoto zing'onozing'ono zogwiritsidwa kale ntchito zokwana 14 miliyoni zinatumizidwa kunja kuchokera ku Ulaya, America ndi Japan, ndipo pafupifupi 40 pa 100 zinapita ku Africa. Sindikunena kuti kutumiza galimoto kumudzi n'kulakwa, chifukwa ndikudziwa kuti galimoto imodzi imadyetsa banja ndi kuthamangira odwala kuchipatala. Koma ngati injini yatha, ikufuka utsi wakuda, ndipo yaonedwa kuti njoopsa kwa mwana wa ku Birmingham, sidzakhala yabwino kwa mwana wogulitsa mandasi pasiteji ya minibasi ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mapapo ndi amodzi.

Sindikupempha makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba kuti aike makamera ndi kulipiritsa galimoto, chifukwa utsi wathu uli ndi magwero ena. Mabanja ambiri m'matauni amaphikira makala ndi nkhuni, zinyalala zosatengedwa zimatenthedwa kuseri kwa nyumba ndi m'misika pamodzi ndi majumbo apulasitiki, ndipo miyezi ya chilimwe fumbi limasakanikirana ndi utsi wa tchire lotenthedwa. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, amene zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2016, anapeza kuti kugawa mbaula zotulutsa utsi wochepa pakokha sikunachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka 5. Chimodzi mwa zimene tingatengepo n'chakuti mwana amapuma utsi wochokera kumbali zambiri, osati m'khitchini mokha, ndipo zina mwa mbalizo, monga zinyalala, misika ndi masiteji, zili m'manja mwa khonsolo. Chimene makhonsolo athu angatengere ku Birmingham si chindapusa, koma chizolowezi choyeza mpweya ndi kuuza anthu zimene zapezeka. Zipangizo zoyezera zotsika mtengo zilipo masiku ano, ndipo ku Kampala akatswiri a pa yunivesite ya Makerere akupanga zawo pansi pa ntchito yotchedwa AirQo n'kuziika m'misewu ya mzindawo. Masukulu athu aukachenjede ali ndi achinyamata amene angathe kuchita chimodzimodzi atapatsidwa mpata.

Pempho langa kwa makhansala ndi ili: ikani zipangizo zochepa chabe pasiteji yaikulu ya minibasi, pamsika, pafupi ndi mtaya wa zinyalala ndi pasukulu ya pulayimale imodzi kapena ziwiri, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pawailesi m'Chichewa ndi m'zinenero zina za m'deralo, m'mawu amene mayi wogulitsa tomato angamve. Alangizi a zaumoyo, mafumu a m'matauni ndi makomiti a m'misika afotokozeredwe kuti nawonso azifotokozera ena. Musanaletse munthu kutentha zinyalala, muuzeni chimene utsi wa pulasitiki umachita m'chifuwa cha mwana wake, ndipo mumusonyeze tsiku limene galimoto ya zinyalala idzafike. Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti mutumize mtolankhani akacheze ndi anamwino a kumalo olandirira ana odwala chifuwa, ndiponso akafunse khonsolo iliyonse mwa zinayi zija ngati ili ndi chipangizo choyezera mpweya, chili pati, ndipo chinawerengedwa liti komaliza.

Ine wowerenga wanu,
Mmalawi wokhala ku Birmingham